Mapichesi pa mbaula: kunja bii, m'kati gwa, chalakwika n'chiyani?

Mayi wina wa ku Kamwendo, m'boma la Mchinji, walemba kuti: "Kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo wa mapichesi umene chaka chino wabereka mosaona nkhope, ana adya mpaka atopa nawo. Mwana wanga anandionetsa pa foni anthu akunja akuwotcha mapichesi n'kupatsa alendo atatha kudya. Ndinayesa pa mbaula, koma anakakamira pa waya, kunja bii, m'kati gwa, kulawa utsi wokhawokha. Apongozi akubwera kumapeto kwa mwezi uno ndipo ndimafuna ndiwakonzere. Ndinalakwitsa pati?"

Amayi, zikomo polemba. Musadzitenge ngati mwachita chachilendo, pakuti ngakhale ine amene ndakalambira m'khitchini, ulendo woyamba ndinapakula makala okhaokha. M'Chichewa chathu mawu akuti kupsa tinawasenzetsa katundu wambiri. Chipatso chimapsa mumtengo, nsima imapsa pamoto, nyumba nayo imapsa. Mapichesi anuwo anadumpha kupsa koyamba, n'kudumphanso kwachiwiri, n'kukafikira kwachitatu. Ndiye tiyeni tibwerere kumtengo, chifukwa vuto linayambira kumeneko mbaula isanayatsidwe n'komwe.

Ndikukayikira kuti munathyola osakhwima. Ambiri timatero pothawa ana, mbalame ndi mphutsi, tili ndi chikhulupiriro choti tikavundika zikonzeka. Koma pichesi si nthochi. Nthochi yaiwisi imakhala ndi sitachi wambiri, ndipo ndi amene amasanduka shuga ikavundikidwa. Pichesi silisunga sitachi wochuluka choncho. Shuga amene linali naye tsiku limene munalithyola ndi yemweyo basi. Mukalivundika limafewa, kuwawasa kumatsikako, fungo limabwera, koma kutsekemera sikuwonjezeka kwenikweni. Moto nawo umangochotsa madzi n'kuunjika pamodzi chimene chinalimo kale. Munali shuga, mupeza shuga. Munali kuwawasa, mupeza kuwawasa kotentha.

Posankha musanamizidwe ndi tsaya lofiira, limenelo ndi dzuwa chabe limene linawomba mbali imodzi. Yang'anani m'kadzenje kamene pichesi linagwirira kunthambi. Ngati mudakali mobiriwira, lisiyeni. Ngati mwayezuka, mwachita chikasu kapena mwayererako, thyolani. Kenako dinani ndi chala chachikulu chapafupi ndi kadzenjeko. Lizivomera pang'ono, ngati peyala limene mukuti ili ndidya mawa. Limene chala chikulowa n'kutulutsa madzi apatseni ana adye pompo, chifukwa pa waya lisanduka phala n'kudonthera m'makala. Amene ali okhwima koma adakali olimba, ayikeni m'thumba la pepala pamodzi ndi nthochi imodzi yakupsa kwa masiku awiri. Nthochi imatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umafulumizitsa zipatso zinzake. Musagwiritse majumbo, amachita thukuta n'kuwoletsa. Ndipo amene muli ndi filiji musaikemo pichesi losapsa, limatuluka lili ngati thonje mkamwa.

Tsopano za zimene munaona pa foni zija. Kumeneko munthu amazunguliza mpeni, n'kupotoza, pichesi n'kutseguka pawiri, njere n'kugwa yokha kusiya kadzenje kokongola koikamo shuga. Umenewo ndi mtundu wina, ndipo a mtundu wotere mungawapeze m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ochokera ku South Africa, pa mtengo woti mufunse kawiri. Mtengo wa pichesi kwawo ndi ku China, ndipo ndi mtengo wofuna kugona m'chisanu. N'chifukwa chake umayoyola masamba m'nyengo yozizira n'kutulutsa maluwa ake apinki chamu Julaye ndi Ogasiti nthambi zili zamaliseche. Mitundu yambiri yakunja imafuna maola 600 mpaka 1,000 a kuzizira kosapitirira madigiri 7 kuti ibereke bwino. Kuno kuchigwa chisanu chotere sitichiona. Ndiye musadabwe kuti mapichesi ochuluka mumawapeza mukakwera ku Dedza, kumene kuli pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, kapena ku Lizulu ndi ku Tsangano. Mitengo ya kuseri kwa nyumba zathu ku Mchinji ndi ku Kasungu kuno yambiri inamera yokha pa njere imene wina analavula. Zipatso zake n'zazing'ono, mnofu wake ndi wolimba, ndipo unakakamira kunjere ngati nkhupakupa pa khutu la galu. Mukati mupotoze, mungofinya madzi.

Sindikunyoza pichesi lathuli ayi. Kunena zoona, pamoto ndimalikonda kuposa lakunja, chifukwa siliphwanyika msanga ndipo kuwawasa kwake kumagwirizana ndi uchi. Kungoti limafuna kadulidwe kake. Lidulireni ngati mango. Liimikeni pa thabwa, tsitsani mpeni motsata njere mbali iyi, tsaya ligwe, kenako mbali inayo. Mupeza masaya awiri athyathyathya, ndipo kuthyathyathyako n'kumene kumagona bwino pa waya. Timinofu totsala m'mbali musataye, tipaleni n'kuika m'kasefuliya, tikhala ndi ntchito yake patsogolo. Khungu musasende. Ndilo mbale imene imasunga madzi pamene mnofu wafewa. Tiubweya take ingopukutani ndi kansalu konyowa. Mukadula nthawi idakalipo, pakani madzi a ndimu pang'ono kuti masaya asade.

Njere zija muzitaye kumene ana sakazitola. Ana amakonda kuziswa ndi mwala n'kudya kamtima ka m'kati kooneka ngati mtedza. Kamtimako kali ndi amygdalin, imene m'mimba imatulutsa cyanide, poizoni yemwe uja timathawa ponyika chinangwa chowawa. Kamodzi sikagwetsa munthu wamkulu, koma mwana wosonkhanitsa mulu si woti n'kumulekerera.

Tifike pa moto, pamene pagona nkhani yonse. Ndikutha kuona mmene zinakhalira. Munakupiza mbaula mpaka makala anachita psuu, malawi akunyambita, n'kuika waya pamwamba penipeni. Umenewo ndi moto wa nsima, moto waukali. Makala oyaka chomwecho amapitirira madigiri 500. Shuga amayamba kufiira n'kununkhira pa madigiri 160, ndipo akapitirirako pang'ono amada n'kuwawa. Kuchokera pa kufiira kufika pa kupserera ndi kamtunda kakafupi kwambiri, ndipo pa moto wa nsima mumakadutsa musanaphethire. Kunja kumatha kutentha kusanalowe m'kati. Bii ndi gwa wanu uja anachokera pamenepa.

Moto wa mapichesi ndi moto wotsala. Phikani nsima, phikani ndiwo, perekani kwa alendo, ndipo pamene iwo akusamba m'manja makala amakhala atavala phulusa loyera, opanda lawi, opanda utsi. Umenewo ndiwo. Simuwonjezanso khala ngakhale limodzi, ndipo pa mtengo umene thumba la makala lafika masiku ano, imeneyi ndi nkhani yabwino. Kankhirani makala mbali imodzi ya mbaula kuti mukhale ndi kotentha ndi kofunda. Mbaula zathu zachitsulo n'zosazama, makala amakhala pakamwa penipeni, ndiye imikani njerwa mbali ziwiri n'kusanjika waya pamenepo, atalikire ndi makala masentimita 10 kapena 12, ngati mulifupi mwa chikhatho ndi chala. Muyeso wake ndi dzanja lanu. Liyikeni pamwamba pa waya n'kuwerenga modekha. Ngati mwalichotsa pa 2 kapena 3, dikirani. Ngati mwafika pa 5 kapena 6, ikani. Ngati mwadutsa 10 muli phee, moto wafa, ukupizeni pang'ono.

Za utsi munanena zija zili ndi magwero angapo. Ngati munayatsira mbaula ndi majumbo kapena palafini, monga timachitira tikachedwa, fungolo limakhalira m'makala, ndipo chipatso chimamwa fungo kuposa nyama. Yatsirani tizikuni touma kapena zitsononkho. Makala onyowa, amene ndi ambiri mvula ikayamba, amafuka mpaka kumapeto. Ngati mukuphikira nkhuni pa mafuwa, dikirani zithe kuyaka n'kukokera makala ake pambali, koma a bulugamu ndi a paini apeweni, amasiya fungo la mankhwala opaka pachifuwa. Zitsononkho zimapereka makala abwino opanda fungo, kungoti amazilala msanga, ndiye muzikhala mutadula kale. Amene muli ndi mbaula ya Chitetezo, chiwaya chokhuthala chikuthandizani kuposa waya.

Waya nayenso ali ndi mlandu wake. Zaka zapitazo ndikugwira ntchito pa malo ena ogona alendo, tinali ndi phwando, ndipo ine modzidalira ndinati mapichesi ndiwotchera pomwe tawotchera mbuzi, nthawi yatha. Anatuluka okongola, mizere yake ngati yojambula. Mlendo woyamba analuma, n'kuima kutafuna, n'kuyang'ana mnzake. Nditalawa kukhitchini ndinapeza kuti ndapereka mbuzi yothira uchi. Mbale zinabwerera zodzaza. Chiyambire tsiku limenelo, waya ndimayamba ndamuwotcha pamoto waukali uja mpaka zotsalira zonse zisanduke phulusa, n'kumukwecha ndi chitsononkho, n'kupukuta ndi theka la ndimu, kenako n'kupaka mafuta ophikira ndi kansalu. Waya wakuda ndi wouma ndiye amene amagwira chipatso. Chenjeraninso ndi waya amene mwatenga. Wa mpanda uja wonyezimira anakutidwa ndi zinc, ndipo mashelefu a filiji yakufa ambiri ali ndi penti kapena pulasitiki. Zimenezo zikatentha sizoti zikhudze chakudya.

Kuwotcha kwenikweni n'kwakufupi kuposa zonse ndalongosolazi. Pichesi ndi madzi pafupifupi magawo 89 pa 100, ndipo malo onyowa safiira, amangobwata. Ndiye pukutani nkhope yodulayo ndi kansalu kouma, pakani mafuta ophikira ndi chala, ochepa oti ingonyezimira. Majarini pano ayi, ali ndi madzi ndipo amapserera msanga. Shuga pano ayi, uchi pano ayi. Ndikubwereza chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera: amawaza shuga poyamba, shugayo n'kusungunuka, n'kumata chipatso ku waya, n'kudonthera m'makala n'kuyambitsa utsi wowawa. Gonekani masaya chafufumimba mbali yotentha, mumve kaphokoso koti tswii, ndipo manja kumbuyo. Osasuntha, osasuzumira. Masaya athu opyapyalawa amafuna mphindi 3 kapena 4, aakulu a m'sitolo 5. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhope ikafiira imadzimasula yokha ku waya. Mukayesa kunyamula n'kumva kuti ikukana, isiyeni mphindi ina. Tembenuzani ndi supuni kapena chopanira, foloko imaboola khungu n'kutaya madzi.

Apa ndi pamene pali chinsinsi cha pichesi lathu lolimbali, chimene pa foni sanakuonetseni chifukwa awo sachifuna. Mukatembenuza, sunthirani masaya mbali yofunda ija, khungu pansi. Pa lililonse ikani kashuga kabulauni theka la kasupuni ka tiyi, kamajarini kofanana ndi njere ya chimanga, ndi timchere tiwiri titatu. Inde, mchere. Umadzutsa kutsekemera monga umachitira pa mango aawisi. Kenako vindikirani ndi beseni lachitsulo kapena sefuliya yozondotsa, kwa mphindi 4 mpaka 6. Pansi pa beseni pamakhala ngati uvuni, nthunzi imazungulira, m'kati n'kufewa kunja kusakupserera. Mukavundukula mupeza shuga wasungunuka, madzi akutuwira timathovu m'mphepete mwa khungu, ndipo fungo lake liwafikira alendo pakhonde musanawaitane. Lasani ndi nsonga ya mpeni. Izilowa ngati m'dzungu lophika. Ngati ena akuumabe mtima, aponyeni m'sefuliya ndi masupuni awiri a madzi a lalanje, vindikirani, khazikani pa phulusa lamoto mphindi 10.

Mapichesi akakhala aang'ono kwambiri moti masaya akulowa m'mipata ya waya, atungeni anayi anayi pa timitengo tansungwi tonyika m'madzi theka la ola. Musathyole kamtengo kalikonse ka pa mpanda, makamaka nkhadze, utomoni wake ndi poizoni. Apo ayi, chiwaya cha tchipisi chotsuka bwino chikwanira. Mizere simuiona, koma mizere sidyedwa.

Timinofu tija tinasunga m'kasefuliya, thirani madzi theka la kapu, shuga supuni imodzi yaikulu, ndi jinja wosinja wofanana ndi chikhadabo. Zibwate pakona pa mbaula pamene masaya akupsa, n'kuzikanya ndi supuni. Umenewo ndi msuzi wothira pamwamba, ndipo palibe chimene chatayika.

Zodyera nazo musavutike kukasaka ayisikilimu, amene kuchoka pa sitolo kufika kwanu m'dzuwa la Novembala akhala atasanduka mkaka. Chimene chimakometsa ndi kukumana kwa chotentha ndi chozizira, chotsekemera ndi chowawasa, chofewa ndi chokhukhuta, ndipo zonsezo muli nazo. Tengani chambiko, thirani pa kansalu koyera, mangani n'kupachika ola limodzi kuti madzi adonthe. Chotsalacho chimakhala chokhuthala choti supuni n'kuima. Supuni imodzi pambali pa masaya atatu kapena anayi, kauchi kamzere pamwamba, ndiye mtedza. Inu a ku Mchinji kukuphunzitsani za mtedza n'kukulakwirani, koma ndingoti ukazingeni, pukusani makoko, sinjani kawiri katatu kokha, ukhale wamiyalamiyala, usafike pa nsinjiro. Ndipo musankhe, wa chuku ndi wofota utayeni. Kasitadi nayenso amayenda, makamaka kwa ana, ngakhale kwa ine amaphimba kukoma kwa chipatso. Sinamoni ngati alipo, kachala kamodzi. Ambiri amamuchulutsa mpaka pichesi kusowa.

Uchi musapatse mwana wosakwana chaka chimodzi, ungathe kukhala ndi tizilombo timene m'mimba mwa khanda simungalimbane nato. Ngati apongozi ali ndi matenda a shuga, awo musathire shuga kapena uchi, ndimu ndi mtedza zikwanira, ndipo masaya awiri atatu ndi okwana popeza chipatso chili ndi shuga wake. Chinanso, nyengo ya mapichesi imakumana ndi mvula yoyamba. Ikakupezani muli pakati, samukirani pakhonde kapena m'khitchini yotsegula, osati m'nyumba yotseka mazenera. Makala ofatsa opanda utsi omwewa ndi amene amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, umene umagonetsa anthu osadzukanso.

Za apongozi, konzekerani funso. Ife chotsukira mkamwa tikatha nsima si mwambo wathu kwenikweni, chipatso timadyera pansi pa mtengo nthawi iliyonse imene chagwa. Ndiye mwina adzati, "Kodi mapichesi ayamba liti kuwotchedwa ngati chimanga?" Musadzitchinjirize ndi mawu ambiri. Nthochi timawotcha, mbatata timafotsera m'phulusa, palibe chachilendo chachikulu apa. Ikani pang'ono m'kambale, ndi kasupuni, zikadali zofunda, pasanathe mphindi 5 chichokereni pamoto, chifukwa zikazizira majarini amaundana ndipo khungu limalimba. Ndipo musayesere pa iwo. Mtengo wabereka, yesani kawiri sabata ino, ana akhale oweruza. Ulendo wachiwiri mudzakhala mutadziwa mbaula yanu, pakuti iliyonse ili ndi khalidwe lake. Zikatsala, zimene ndikukayika, ziduleni m'mawa n'kuika pa phala. Mapichesi akadzatha, njira yomweyi imagwira pa masaya a maboloma olimbirako ndi pa nanazi wodula mozungulira, koma amenewa safuna beseni.

Chimodzi chimene simunafunse koma mukumana nacho podula ndi mphutsi. Pichesi looneka bwinobwino kunja, pafupi ndi njere mupeza pabulauni pakuyenda timphutsi toyera. Ndi ntchentche za zipatso, zimaboola khungu n'kuikira mazira m'kati. Mukaona kadontho kakuda kofewa kapena kautomoni kouma pakhungu, dulani pamenepo poyamba. Lowonongeka kwambiri tayani, koma osati pansi pa mtengo, chifukwa mphutsizo zimalowa m'dothi n'kutuluka zili ntchentche zatsopano. Tolani zakugwa zonse tsiku lililonse n'kuzikwirira m'dzenje lakuya theka la mita, kapena zimangeni m'jumbo yakuda n'kuisiya padzuwa sabata yathunthu.

Ndipo chaka chamawa, zipatso zikadzafika msinkhu wa nzama, dzapatulireni monga muchitira ndi chimanga. Siyani limodzi pa masentimita 15 kapena 20 aliwonse a nthambi, ena onse pansi. Dzanja limakana, ndikudziwa, munthu umaona ngati ukutaya chakudya. Koma mtengo wosenza mazanamazana ndi umene umabereka tizipatso tonga masawu, ndipo otsalawo akapeza malo amakula n'kutsekemera, masaya ake n'kukhala oti sangalowenso m'mipata ya waya.